Mowa Woyera ndi Mowa wa Masese

Anzanga ena pa sukulu pano amanyoza mowa wa masese, amati ndi wauve cifukwa suyera ngati wa m'botolo. Mau amenewa amandiwawa, pakuti ndalama zondilipirira sukulu zimacokera m'mbiya ya amai anga. Tsono ndinafunsa aphunzitsi a sayansi cimene cimayeretsa mowa wa Azungu, ndipo ndifuna kukuuzani zimene ndinaphunzira.

Mowa uli wonse ukangopsa umaoneka mbuu. Cimene cimaucititsa motero ndico yisiti, tizamoyo tating'ono timene timasandutsa shuga kukhala mowa, pamodzi ndi tizidutswa tocokera ku cimera. Timeneti ndi topepuka, ndipo timacedwa kumira.

Ku England ofulula amathira m'mowa mankhwala ochedwa isinglass, opangidwa ndi kathumba ka mpweya kamene kali m'mimba mwa nsomba. Mankhwalawa ali ndi mphamvu yokoka yisiti. Tizamoyo tija timakanirira pamenepo monga mbalame pa ulimbo, timaundana, timalemera, ndipo patapita masiku owerengeka tonse takhala pansi ngati nsenga. Ofulula kunyumba ena amathira gelatin, wocokera ku zikopa ndi mafupa a nyama. Enanso amaponya Irish moss, comera ca m'nyanja ya mcere, mphika uli pafupi kuphulidwa.

Kodi mwaona, anzanga? Mankhwala onsewa sapha kacirombo ngakhale kamodzi. Nchito yace ndiyo kukometsa maonekedwe basi. Ndi cimodzimodzi njere za cam'mwamba: mukazisinja ndi kuzithira m'madzi amatope, matope amakhala pansi, koma madziwo afunikabe kuwiritsa. Taganizaninso za kacasu. Amayera ngati madzi a m'kasupe, koma ndiye amene wapasula mabanja ambiri m'midzi mwathu.

Amai anga safuna kuyeretsa mowa wao. Amauphika nthawi yaitali pa moto, amatsuka mbiya, amausefa bwino, ndipo zotsala za cimanga ndi mawere zimene zimaucititsa mbuu ndi cakudya cimene cimagwira m'mimba mwa olima pa dima. Atati aucotse mbuu ameneyo, palibe angagule.

Ife ana a sukulu mowa suli wathu, ndipo sindikuuzani kuti mumwe. Ndingopempha kuti tisanache cinthu cauve, tiyambe tafunsa cimene ciri m'katimo.