Wailesi ya achinyamata ku Port Harcourt

Mu 2011, bungwe la United Nations loona za chilengedwe (UNEP) linati kuyeretsa dera la Ogoni ku Nigeria, lomwe mafuta analiwononga, kungatenge zaka 25 mpaka 30. Nsomba zinachepa, minda inaguga. Nanga mwana wa msodzi atani? Ena amalowa m'magulu a zida, ena amaboola mapaipi n'kumayenga mafuta mobisa m'tchire, ndipo utsi wake ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zadetsa mzinda wa Port Harcourt kuyambira 2016.

Mumzinda womwewo muli Chicoco Radio. Achinyamata a m'madera osauka a m'mphepete mwa madzi amaphunzirako kukonza mapulogalamu a pawailesi, kujambula nyimbo ndi kulemba mapu a kwawo, komwe boma lidagwetsako nyumba zambiri.

Malo otere akufunikanso kwambiri ku Bodo ndi Goi, m'dera la Ogoni, komwe mafuta anatayikira m'mitsinje.