Kwa Mphwanga wa ku South Bend



Kuno tili bwino, mvula yagwa ndipo tadzala kale. Mayi ako anandiimbira foni Lamulungu. Akuti kusukulu kwanu akulola kuti uyambe maphunziro a mechatronics ku koleji ya Ivy Tech ukadali ku sekondale, koma ukuzengereza chifukwa anzako akunena kuti imeneyo ndi ntchito ya anthu a maovololo. Ine ndavala ovololo zaka 31 pa fakitale ya tiyi ku Thyolo, ndipo ndikuti kalembetse.

M'masiku athu makina akaima, makaniko ankaloza chala wamagetsi, wamagetsi n'kuloza makaniko, uku masamba a tiyi akupsa m'madengu. Aliyense ankadziwa mbali yake yokha. Akatswiri a kampani ya Yaskawa ku Japan anaona kuti zimango ndi zamagetsi sizisiyanitsika, mpaka mu 1969 anapanga dzina la mechatronics polumikiza ziwirizo. Iwe udzaphunzira zonse pamodzi: mota, malamba, masensa, mphamvu ya mpweya ndi ya mafuta, komanso PLC, kakompyuta kamene kamauza makina nthawi yoyenda ndi yoima. Ine PLC ndinakumana nayo imvi zitayamba. Ndinkaima kutsogolo kwa kabati, timagetsi tobiriwira tikuphethira, osadziwa kuti tikundiuza chiyani, mpaka kudikira munthu wochokera ku Blantyre. Zinkandiwawa mumtima. Iwe mwayiwu waupeza usanakwane n'komwe zaka 18, komanso pafupi nawe pali Elkhart, kumene mafakitale amapanga magalimoto ogonamo aja a RV.

Koma usakalowemo mwachibwana. Magiredi amene ukapeze adzalembedwa pa mbiri yako ya ku koleji ndipo sadzafufutika. Ngati mtima wako uli pa uinjiniya ku yunivesite ya Purdue, funsiratu mlangizi wa kusukulu kwanu kuti ndi maphunziro ati amene akawawerengere kumeneko, chifukwa si onse a zaumisiri amene amalandiridwa. Masamu usawataye. Lamulo la Ohm likhale kumanja kwako.

Tsopano mvetsera bwino apa. Adzakuphunzitsani kuti musanagwire makina muzizimitsa magetsi, kukhoma swichi ndi loko wanu, kupachikapo chikwangwani, kenako n'kuyeza ndi multimeter kuti mutsimikize kuti waya alibe moto. Achinyamata amaona ngati n'kutaya nthawi. Tsiku lina mnzanga anazimitsa makina odulira masamba n'kulowetsa dzanja kuti achotse zinyalala. Sanakhome loko, ankati ndi ntchito ya mphindi imodzi. Wina wochokera kuseri anaona makina ali chete, n'kuyatsa. Ndinamukulunga dzanjalo ndi malaya anga, ndipo zala zitatu sizinabwerere. Kuyambira tsiku limenelo kiyi wa loko wanga ankakhala m'thumba la pachifuwa, ndipo ngakhale bwana sankandilanda. Nawenso uzitero, olo wina akufulumizitse bwanji.

Makina akakanika, usathamangire kusintha zipangizo. Yang'ana, mvetsera kulira kwake, nunkhiza, tsata waya pachithunzi mpaka upeze pamene moto wathera. Kawirikawiri vuto limakhala sensa yodetsedwa kapena waya wokhwefuka.

Ukalumikiza mota yako yoyamba n'kuzungulira, unditumizire kanema pa WhatsApp, ndikufuna ndimve kulira kwake. Upereke moni kwa mayi ako ndi abambo ako.

Ndine malume ako.