Bala Lidapola, Mlendo Adatsala

Mphwanga Yohane adalumidwa ndi galu Loweruka lina m'mwezi wa June, chaka cha 1987, kwathu ku Ntcheu. Iye adali ndi zaka 9, ine 14. Galuyo sadali wachilendo ayi, adali wathu yemwe, Tilekeni, dzina lomwe amayi adampatsa pofuna kulasa anthu ena a pamudzi monga mudziwa m'mene maina a agalu amakhalira kwathu kuno. Masiku amenewo Tilekeni adangoyamba kudzipatula, osadya, n'kumabisala kunsi kwa nkhokwe. Yohane adapita kukamtulutsa, galu n'kumugwira pakatumba. Mano awiri okha, magazi ake osadzaza ndi supuni yomwe.

Agogo adameta ubweya wa kumchira kwa galuyo, kuutentha, n'kupaka phulusa lake pabala. Patapita masiku anayi Tilekeni tidampeza atauma kuseri kwa khola, tonse n'kuti wadya poizoni. Sabata isadathe bala lidapola, ndipo Yohane adabwerera kusukulu ndi kumpira wake wachikulunga. Nkhani idathera pomwepo.

Chakumapeto kwa August adayamba kudandaula kuti pachipsera paja pakuyabwa, mwendo ukuchita dzanzi. Thupi lidatentha, tidati ndi malungo, tidampatsa kololokwini. Tsiku lachitatu adapempha madzi. Amayi atafika nacho chikho pafupi ndi kamwa, khosi la mwana lidakokeka, maso tong'o, n'kuchikankhira kutali chikhocho uku akulira kuti ali ndi ludzu. Kamphepo kolowera pakhomo kokha kamamdzidzimutsa ngati wamenyedwa. Tidamtengera kuchipatala pangolo. Kumeneko adafunsa funso limodzi: "Kodi mwanayu adalumidwapo ndi galu?" Amayi adati inde, komatu ndi kalekale, bala lidapola. Adokotala adangowerama. Usiku wachisanu Yohane adatisiya.

Mawu oti chiwewe tidawamva ndithu kuchipatalako, koma pamudzi sadagwire mtima wa munthu. Bala lopola lingaphe bwanji munthu patapita miyezi iwiri? Tsono kutsidya kwa dambo kudali agogo ena amasiye omwe adakangana ndi amayi za malire a dimba, ndipo pokanganapo adanena kuti "muona." Amalume adapita kukaombeza, ula n'kugwera komwe aliyense ankayembekeza. Madzulo ena anyamata tidapita kukagenda nyumba yawo. Ndinene pano poyera, awerengi, kuti mwala umodzi udali wanga, ndipo udaswa mtsuko womwe udali pakhonde. Agogo aja adasamuka usiku, kupita kwa abale awo kutsidya la malire ku Mozambique. Sitidawaonenso.

Ndakhala mu Blantyre muno zaka zoposa makumi atatu, ndipo nkhaniyi ndinkaiyika pansi pa mphasa. Idadzuka mu 2015, pomwe bungwe la Mission Rabies lidayendayenda m'makwalala ndi m'makomo kubaya agalu katemera. Adabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha mumzinda uno. Ine ndidapita naye wanga pamzere, chingwe kumanja, ndipo pobwerera ndidapeza mwana wa mlongo wanga, yemwe panthawiyo ankaphunzira za udokotala, atakhala pakhonde ndi mabuku ake. Ndidamfunsa funso lomwe lidatisokoneza mu 1987 lija. Adatseka buku, nati, "Amalume, khalani pansi, chifukwa yankho lake ndi ulendo."

Kachirombo ka chiwewe, iye adatero, n'kooneka ngati chipolopolo, ndipo n'kochepa mwakuti mutandandalika toposa 5,000 mumzere umodzi ndiye mwakwanitsa milimita imodzi. Pakokha sikadya, sikapuma, sikaswana. Kangokhala kaphukusi ka malangizo opangira mapuloteni asanu okha basi, pomwe thupi la munthu lili ndi malangizo a mapuloteni pafupifupi 20,000. Asanu okha! Ine ndidaseka mowawidwa mtima, poganiza kuti chinthu chosauka chotere n'chomwe chidagwetsa nyumba ziwiri pamudzi pathu.

Imodzi mwa mapuloteni asanuwo, yomwe akatswiri amaitcha G, imamera kunja kwa kachiromboko ngati minga ya chisoso. Imeneyi ndiyo kiyi. Pamalo pomwe mtsempha wotumiza mauthenga umakumana ndi mnofu (osati mtsempha wa magazi, awa ndi ena, aja amati ukaponda moto n'kuuza mwendo kuti thawa) pali timaloko tomwe timalandira mankhwala a m'thupi otchedwa acetylcholine, omwe amalamula mnofu kuti ukokeke. Kiyi wa kachirombo amakwana pa timaloko timeneti, ndi pa tina tomwe tili pakhungu la mtsempha weniweniwo. Selo likamva kuti chakwana paloko, limachita zomwe limachita masiku onse: limachikulunga n'kuchilowetsa m'kati. Palibe kuthyola chitseko. Mwininyumba amatsegula yekha, n'kumlandira mlendo katundu.

Apa mpomwe ndidamdula mawu. Nanga miyezi iwiri ija kadali kuti? Adati nthawi yambiri kamakhala pomwepo, mumnofu wa pabala, kakuchulukana pang'onopang'ono, mwakachetechete. Khungu limapola pamwamba pake. Ndiye kuti pomwe Yohane ankathamanga m'bwalo la mpira, chipsera chili mbee pakatumba, mlendo adali chikhalire pansi pa chipseracho.

Kakalowa mumtsempha, kamapeza msewu wopangidwa kale. Mtsempha wochokera kumsana kufika kumwendo ndi selo limodzi lalitali ngati chingwe, ndipo m'kati mwake muli tinjanji tomwe katundu wa selolo amayendapo. Pali kapuloteni kena kathu komwe, dzina lake dynein, kokhala ndi timiyendo tiwiri, komwe ntchito yake ndi kusenza katundu kuchokera kunsonga ya mtsempha kupita kulikulu. Mwana wa mlongo wanga adayendetsa zala ziwiri patebulo kundionetsa m'mene kamayendera. Kamtengatenga kameneka sikafunsa za m'phukusi. Kamangosenza, phazi ndi phazi, masentimita angapo patsiku, mpaka kumsana, ndipo kuchoka apo kachirombo kamadumpha kuchoka mumtsempha uwu kulowa muwinawo mpaka kubongo. N'chifukwa chake wolumidwa kumaso kapena pakhosi amadwala msanga kuposa wolumidwa kuphazi: mtunda ndi waufupi. Kawirikawiri matendawa amaoneka pakatha miyezi iwiri kapena itatu, koma ena sabata imodzi yokha, ena mpaka chaka.

Nanga asilikali a m'thupi, aja timamva pawailesi, amakhala ali kuti? Ichi n'chomwe chidandizizwitsa koposa. Selo likalowedwa ndi kachirombo limakuwa. Mfuu yake ndi mankhwala otchedwa interferon, omwe amachenjeza maselo oyandikana nawo kuti atseke zitseko. Koma ina mwa mapuloteni asanu aja, yotchedwa P, ntchito yake ina ndi kugwira pakamwa selolo: imatsekereza kuti mfuu isatuluke, ndipo ikatuluka, isamveke. Kuonjezera apo kachiromboka sikayenda m'magazi momwe asilikali amalondera, ndiponso sikafulumira kupha mtsempha womwe kakuyendamo, poti ndiwo msewu wake. Ngakhale ubongo wa munthu wofa ndi chiwewe, akauyeza, suoneka wophwasuka monga munthu angaganizire. Nyumba ili chiimire, koma mauthenga a m'katimo asokonekera.

Za madzi zija adandifotokozeranso, ngakhale ndidafuna kuti asafotokoze. Kachirombo kakafika kutsinde kwa ubongo, komwe kumayendetsa kumeza ndi kupuma, munthu akangoyesa kumeza, minofu ya pakhosi imakokeka mopweteka zedi, mpaka kungoona madzi kokha kumadzetsa mantha. Panthawi yomweyo kachiromboko kamakhala katatsikanso ndi mitsempha ina kupita ku tiziwalo topanga malovu. Malovu odzaza tizirombo, pakhosi posameza, ndi ubongo wolusa: mwa galu, zitatuzi zikakumana ndiye kuti kachirombo kapeza njira yopitira m'thupi lina. Tilekeni sadatidane ayi. Adali ngolo chabe, woyendetsa adali wina.

Tsono mtsikana uja adanena chinthu chomwe chidandilasa kuposa zonse. Adati, "Amalume, mukadakhala ndi sopo tsiku limenelo?" Sopo tidali naye, wamtanda uja wochapira. Adati kachiromboka kamavala chofunda cha mafuta chomwe kamang'amba pakhungu la selo lomwe katulukamo, ndipo minga ija, makiyi aja, imazikika m'chofunda chimenechi. Sopo amasungunula mafuta. Chofunda chikasungunuka, kiyi wagwa, kachirombo sikangalowenso paliponse. N'chifukwa chake a zaumoyo amati bala la galu litsukidwe ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, nthawi yomweyo, kenako n'kuthamangira kuchipatala kukabayitsa katemera. Sopo yekha sakwanira, koma amachotsa adani ambiri nkhondo isadayambe. Ife tidapaka phulusa, sopo ali pawindo.

Ndipo katemerayo sadali wachilendo mu 1987. Louis Pasteur adamuyesa koyamba pa munthu ku Paris mu July 1885, pa mnyamata wotchedwa Joseph Meister yemwe adalumidwa ndi galu wachiwewe. Mnyamatayo adali ndi zaka 9, ngati Yohane, ndipo adakhala moyo mpaka kukula. Chiwewe ndi amodzi mwa matenda ochepa omwe katemera amagwira ntchito munthu atalumidwa kale, chifukwa cha kuchedwa komwe kuja: pomwe kachirombo kakuzengereza mumnofu, katemera amaonetsa asilikali a m'thupi maonekedwe a minga ija, iwo n'kupanga zomatira pamingapo kuti kiyi asakwanenso paloko. Koma zizindikiro zikangoyamba, pafupifupi palibe amene amapulumuka. Miyezi iwiri yomwe ife tidaiyesa umboni woti galu alibe mlandu, idali nthawi yomwe tidapatsidwa kuti tipulumutse mwana.

Sindikuimba mlandu amayi kapena agogo. Adachita zomwe ankadziwa, ndipo chipatala chidali kutali. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo anayi mwa khumi aliwonse ndi ana osakwana zaka 15. Limatinso agalu 70 mwa 100 aliwonse akabayidwa katemera m'dera, matendawa amasowa podumphira. Koma ine ndikamva ziwerengerozi, maganizo anga sakhala pa Yohane yekha. Ndimadzifunsa kuti mwa maliro onsewo, ndi angati omwe adasiya nkhalamba ina ikuthawa usiku, kamtolo pamutu.

Khirisimasi ya chaka chomwecho ndidapita kumudzi. Amayi, omwe tsopano maso adayamba kuchita khungu, adali pamkeka akusola chimanga. Ndidakhala pambali pawo n'kuwafotokozera zonse m'mene ndikadathera, za kiyi ndi loko, za kamtengatenga ka miyendo iwiri, za chofunda cha mafuta. Za sopo ndidazidumpha. Adamvetsera osandidula, manja akugwirabe ntchito. Nditamaliza ndidati, "Amayi, agogo aja tidawalakwira."

Adakhala chete kanthawi, kenako adati, "Zonsezo ndamva, mwanangu, ndipo sindikukutsutsa, iwe ndi wa kusukulu. Koma agalu pamudzi pano adalipo ambiri, ana adalipo ambiri. Nanga galuyo adamtuma ndani kwa mwana wanga?"

Ndidatsegula pakamwa kuti ndiyambirenso, koma ndidaona kuti chitsononkho chomwe chidali m'manja mwawo chidatha kale, iwo akungochipukusabe ndi chala. Ndidawalanda pang'onopang'ono n'kuwapatsira chimanga china. M'mawa mwake ndidafunsa amalume ngati alipo amene akudziwa mudzi womwe agogo aja adaikidwa, iwo adati akafunsa kumsika wa ku Tsangano Loweruka.