Ulendo wa ku Mbombwe

Kwa munthu woyenda pa njinga, mvula ya ku Blantyre ili mitundu iwiri. Ilipo ya chiperoni, ija imadza ndi nkhungu m'miyezi ya Juni ndi Julayi, yomwe inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Imeneyi imangokulowa m'mafupa, koma siikubweza panjira. Ina ndi ya m'dzinja, yosapanganika, yomwe imatha kukhuthuka ku Limbe pamene ku Ndirande amayi akuyanika mphale padzuwa.

Tsiku lokumbukira John Chilembwe, 15 Januwale, limagwa pakati penipeni pa dzinja. Chaka china gulu lathu la achinyamata 14 a ku Bangwe linapangana zopalasa njinga patsikuli kupita ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, kumene Chilembwe anakhazikitsa Providence Industrial Mission mu 1900. Popeza ndinali wamkulu pa onse, udindo wonena kuti tinyamuke kapena ayi anandisenzetsa ine. Njinga zisanu tinabwereka kwa anyamata a kabaza ndipo tinalipiriratu. Amayi ena anali atakazinga kale mtedza wa kamba wa panjira.

Madzulo ake wailesi inanena kuti kukhala mvula ya mabingu m'madera ambiri a chigawo cha kummwera. Akatswiri a zanyengo amalosera za chigawo chonse, pamene ine ndinafuna kudziwa za msewu umodzi wokha, wa Midima, ndi njira zafumbi zopatuka kumeneko. Mabuleki a njinga yonyowa sagwira msanga, ndipo dothi lofiira likamatirira kumatayala, njinga ndiyo imakwera mwini wake.

Kale tikanangoseka n'kunyamuka. Koma mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukwirira nyumba ku Chilobwe usiku, ndipo anthu mazanamazana anafa m'chigawo chino. Chichokereni nthawi imeneyo, kholo la mu mzinda uno likamva bingu limayamba kuwerenga ana ake. Mayi wina anandipeza kumpopi nati, "Mwanangu, ndakupatsa Chisomo wamoyo. Undibwezere momwemo."

Chovuta pa kuletsa ulendo n'chakuti woletsayo alibe mboni. Mukapita mvula n'kukupezani, aliyense amaona kuti wotsogolera analakwa. Mukakhala, ngozi yomwe mwaipewa palibe amaiona. Chimene anthu amaona ndi ndalama zotayika ndi tsiku lopita pachabe. Kunena zoona, tsikuli silikanasunthika ngati mpira wa pasukulu, pakuti mwambo wa ku Mbombwe umachitika kamodzi pachaka.

Ndinadzuka tambala woyamba atalira. Phiri la Bangwe silinkaoneka, mphepo inali zii, ndipo mphezi zinkang'anima cha kummawa, komwe tinali kulowera. Ndinayenda khomo ndi khomo kuwauza kuti sitipita.

"Achimwene, mwaopa mitambo chabe?" anatero mnyamata wina atavala kale nsapato. Wakabaza mmodzi anatibwezera theka la ndalama, enawo anakana, ndipo sindinawadandaule poti tinawaphera tsiku la ntchito. Masana kwathu kunangowaza pang'ono. Mnyamata uja anatha milungu iwiri osandipatsa moni. Ku Mbombwe tinapita mu Meyi, fumbi likuti koboo, ndipo tinapeza pabwalo la tchalitchi pali phee.