KABWE: MZINDA WA ODUTSA NDI OKHALA

Munthu akakwera basi ku Lusaka nayenda makilomita pafupifupi 140 kulinga kumpoto pa mseu waukulu wa Great North Road, amafika ku Kabwe, likulu la Cigawo ca Pakati. Cimene cimayamba kukopa maso ake ndi mkuyu waukulu umene uli pakati pa tauni, mtengo umene boma linauika m'gulu la zinthu zosungidwa za mbiri ya dziko. Pansi pa mkuyu umenewu ndi pamene apaulendo a masiku akale anali kusonkhana ndi kutula akatundu asanapitirire kumpoto. Kufikira lero anthu amakhala mu mthunzi wake, ena kuyembekezera anzao, ena kungopumula dzuwa likatentha.

Mzindawu unabadwa cifukwa ca miyala. M'caka ca 1902 mzungu wina dzina lake T. G. Davey anapeza mtovu ndi zinki pamalopa, ndipo anapacha Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906. Mu 1921 anchito a mu mgodi anafukula cigaza ca munthu wakalekale, cimene cinatengedwa kupita ku London ndipo cikali komweko. Dziko litalandira ufulu, dzina la Broken Hill linasiyidwa, mzinda nuchedwa Kabwe. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma fumbi la mtovu linatsala m'dothi la makomboni monga Kasanda, Chowa ndi Makululu, kumene lavutitsa ana ambiri.

Ngakhale mgodi unafa, mseu ndi njanji sizinafe. Likulu la Zambia Railways liri mu Kabwe momwemo. Makilomita ngati 60 kumpoto kuli Kapiri Mposhi, kumene kumathera njanji ya TAZARA yocokera ku Dar es Salaam, ya utali wa makilomita 1,860. Alendo ocokera kunja amene atsika sitima ku Kapiri, pofuna kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya ku Livingstone, njira yao ndi ya pa Kabwe. Basi imaima, iwo amagula nthoci ndi madzi pa zenera, kenaka ulendo upitirira.

Alendo a m'magulu

Pakati pa alendo amene amadzaona maiko a kuno kumwera kwa Africa pali mtundu wina umene anthu a kumudzi samva kawirikawiri za iwo. Ku Ulaya ndi ku America kuli makampani amene nchito yao ndi kukonza maulendo a magulu a amuna okondana ndi amuna anzao, kapena akazi okondana ndi akazi anzao. Anthuwa amasonkha ndalama, nayenda pamodzi kuti asaope kunyozedwa pa njira. Ambiri amayambira ku Cape Town, napita kukaona nyama m'malo osungira zinyama, ndipo ena amafika mpaka ku mathithi a mtsinje wa Zambezi.

Asananyamuke amacenjezedwa. Maboma a kwao, monga la Britain, amalemba poyera kuti mu Zambia kugonana kwa anthu otere ndi mlandu wa ndende. Tero mlendo amadziwiratu zocita: sagwira dzanja la mnzake pa mseu, salankhula zambiri pa hotela, ndipo pakapita masiku owerengeka amakwera ndeke kubwerera kwao. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma si onse ali mame. Alipo ana a dziko lino, obadwira m'Bwacha kapena m'Makululu, amene alibe ndeke yowadikira. Kwa iwo Kabwe ali ndi nkhope ina.

Lamulo ndi ndende

Nkhope imeneyo ndi ya makoma aatali. Kunja pang'ono kwa tauni kuli ndende ya Mukobeko, yaikulu ndi yolimba koposa m'dziko muno. M'menemo munali kusungidwa oweruzidwa kunyongedwa, kufikira cilango ca imfa cinathetsedwa mu December 2022. Munalowanso anthu ochuka: a Kenneth Kaunda kumapeto a 1997, ndi a Hakainde Hichilema mu 2017 asanakhale mtsogoleri wa dziko. Mu Kabwe mulinso ndende ya Mpima, yosungirako anthu amene milandu yao ikali kuzengedwa.

Lamulo limene limakhudza nkhani ino liri m'buku la zilango, Penal Code, limene dziko linalandira kwa atsamunda a Northern Rhodesia. Mu 2005 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango zake. Gawo 155 limapereka ndende ya zaka zosacepera 15, mwinanso moyo wonse. Gawo 158, limene limakhudza amuna ndi akazi omwe, limapereka zaka 7 kufika 14.

Milandu iwiri yocokera ku Kapiri Mposhi inaonetsa m'mene lamulo limeneli limagwirira nchito. Mu 2013 anyamata awiri anagwidwa atanenezedwa ndi anthu apafupi nao. Anakanizidwa belo, nasungidwa ku Mpima. Anapimidwa m'thupi mwanjira imene mabungwe oona za ufulu wa anthu anaidzudzula kwambiri. Mu July 2014, atakhala m'ndende koposa caka, khoti linawamasula ponena kuti boma silinabweretse umboni wokwanira. Anaturuka opanda mlandu, koma caka cimene anataya palibe anawabwezera, ndipo maina ao anali atamveka kale m'dziko lonse.

Mlandu waciwiri unayamba mu 2017, pamene wanchito wa pa nyumba ina yogona alendo ananena kuti anaona amuna awiri kupyolera pa zenera. Khoti linawapeza olakwa mu 2018, ndipo mu November 2019 Khoti Lalikulu linawalamula kukhala m'ndende zaka 15. Kazembe wa America, a Daniel Foote, anadzudzula cigamulo cimeneci poyera. Boma la Pulezidenti Edgar Lungu linakwiya, ndipo mu December caka comweco kazembeyo anaitanidwa kubwerera kwao. Patangopita miyezi isanu, mu May 2020, pa cikumbutso ca Tsiku la Ufulu wa Africa, a Lungu anakhululukira akaidi pafupifupi 3,000, ndipo amuna awiri aja anali m'gulu limenelo.

Moyo wa m'komboni

Milandu yofika kukhoti ndi yowerengeka. Cimene cimalemera tsiku ndi tsiku ndi moyo wamba wa m'komboni, kumene nyumba ziri zothithikana ndipo mpopi wa madzi ndi umodzi wa mabanja ambiri. Anthu awiri okhala nyumba imodzi amayenera kukhala ndi yankho lokonzeratu. Kwa mwini nyumba amati ndi pacibale, kapena amati akuthandizana kulipira lendi cifukwa nchito ndi yosowa. Mkangano waung'ono wa nkhuku kapena wa ngongole ungakhale ciyambi ca tsoka, pakuti mnansi wokwiya adziwa kuti liu limodzi ku polisi ndi lokwanira. Ena amalipira ndalama kwa owaopseza, ndipo sangadandaule kwina kulikonse.

Kumudzi nako mafunso satha. Amalume amafunsa kuti mbeta idzaoneka liti, azakhali amafuna mdzukulu wa m'manja. Ena amalowa m'banja kuti makolo atonthole, ndipo pamenepo ovutika amakhala atatu, kuphatikizapo mkazi kapena mwamuna wosalakwa amene sanauzidwe coona.

Matenda ndi maliro ndiye amaulula zonse. Pa cipatala amafunsa wacibale, ndipo amene wasamala wodwala kwa zaka zambiri amaima pakhomo ngati mlendo. Munthu akamwalira osasiya kalata ya cuma, lamulo la 1989 limagawa motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wa malemu, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene anali kudalira iye. Mnzake wa m'nyumba amene lamulo silimudziwa ngati wa m'banja angaone mbale, mipando ndi malata amene anagula pamodzi zikukwezedwa pa lole, iye ali cete.

Kuseri kwa malire

Coticititsa cidwi ndi cakuti mseu womwewu wodutsa pa Kabwe umafika ku maiko amene malamulo ao ndi osiyana. South Africa inalola maukwati a anthu otere mu 2006. Mozambique, kumene kuli abale athu olankhula Cinyanja ku Tete ndi ku Niassa, inacotsa cilango cimeneci mu 2015. Khoti Lalikulu la Botswana linacita cimodzimodzi mu 2019, ndipo lamulo latsopano la Angola linayamba kugwira nchito mu 2021. Koma ku Tanzania, kumene kumacokera sitima ya TAZARA, cilango ndi cowawa ndithu. Ku Malawi anthu awiri analamulidwa zaka 14 mu 2010, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira patangopita masiku ocepa. Mu 2024 khoti la kumeneko linakana kufafaniza lamulolo.

Motero munthu m'modzi yemweyo, akaoloka Zambezi pa mlatho wa Kazungula, amasanduka wopanda mlandu. Akabwerako, mlandu umamudikira pa cipata. Koma kuoloka kumafuna pasipoti, ndalama za basi ndi malo ofikira, zinthu zimene mwana wa m'mzinda wotsekedwa mgodi sazipeza msanga. Ndiponso ambiri safuna kucoka. Amai ao okalamba ali kuno, manda a atate ao ali kuno, ndipo cilankhulo cimene amalotera ndi ca kuno.

Anthu a m'dziko muno sagwirizana pa nkhaniyi. Zambia inalengezedwa kukhala dziko Lacikristu ndi Pulezidenti Frederick Chiluba mu 1991, ndipo mipingo yambiri pamodzi ndi mafumu amaphunzitsa kuti mcitidwewu ndi wosayenera. Atsogoleri a dziko otsatizana, kuphatikizapo a Hichilema amene anasankhidwa mu 2021, ananena kuti lamulo silisintha. Ena, makamaka odziwa malamulo ndi a zaumoyo, amati kudana ndi cinthu ndi nkhani ina, kutsekera munthu zaka 15 ndi nkhani inanso, ndipo amati mantha amaletsa odwala kupita ku cipatala.

Madzulo akafika, mthunzi wa mkuyu uja umatalika kudutsa mseu. Mabasi a ku Ndola ndi ku Nakonde amaliza mabelo, alendo nakwera kupitiriza ulendo wao. Otsala amagula makala ndi ndiwo pa msika, nalowera ku Bwacha, ku Chowa ndi ku Makululu. Pakati pao pali ena amene akafika pakhomo amayamba ayang'ana uku ndi uku asanatsegule citseko. Amenewo si alendo ai. Ndi ana a munthu, ndipo kwao ndi ku Kabwe.