Chingwe cha Khoka pa Muwanga wa ku Lobi

Malemu bambo athu anachoka ku Chipoka ndi makina osokera a Singer, nakakhazikika pa khonde la sitolo ina ku Lobi, kumadzulo kwa boma la Dedza, m'dera la Mfumu Yaikulu Kachere. Ife awiri, mkulu ndi mng'ono, tinabadwira kunyanja koma tinakulira kumapiri. Abale athu a kunyanja mukamva za kuno mumaganiza za kachewere, kabichi ndi chisanu, ndipo simulakwitsa. Koma pa maulendo onse a Idi amene takhala tikudya nanu mpunga ndi chambo, sitinakufotokozereni bwino kuti gawo lalikulu la unyamata wathu tinalithera m'mwamba mwa mtengo, titalendewera pa chingwe chochokera kwanu komweko.

Munda umene amfumu anapatsa bambo unali m'tsinde mwa phiri, kumene eni mudzi sanali kukufuna. Chifukwa chake tinachidziwa chimanga chitayamba kubereka. Masana kunkatsika anyani ndi apusi, usiku nguluwe ndi nungu, ndipo m'bandakucha gwape ankabwera kudzabudula masamba a nyemba. Tinamanga chilindo monga anachitira anzathu, koma nyama sizichedwa kuchizolowera: zimangolowera mbali ina ya munda. Mkulu wina wachichewa, mnansi wathu, ndiye anatiuza kuti mlonda weniweni amakhala mumtengo. Fungo la munthu limadutsa pamwamba pa mphuno za nyama, maso amafika patali, ndipo nguluwe yolusa siingakupeze. Anatisonyeza muwanga wa m'malire mwa munda, natiphunzitsa kukhala pa phanda lake titadzimanga m'chiuno ndi luzi la mombo.

Luzi ndi labwino likadali laliwisi. Likauma limaoneka lolimba chimodzimodzi, koma limathetheka mkati osakuchenjeza. Usiku wina, titaswali Isha, mmodzi wa ife anakwera, nakhala, nayamba kusinza. Atatsamira chammbuyo luzi linaduka. Anagwera pa mizere, mkono unathyoka pafupi ndi chikhatho, ndipo tinamukankha pa njinga mpaka ku chipatala kunja kusanache. Mpaka lero dzanja limenelo limayamba kudziwa kuti June wafika kalendala isananene.

Bambo sanakalipe. Anangokhala chete masiku angapo, kenaka anapita kunyanja ngati okaona odwala. Pobwerera anatulutsa m'thumba chingwe cha nayiloni chokokera khoka, chimene anapempha kwa mlamu wawo, msodzi. Pa zida zonse zimene takhala tikusintha m'zaka zonsezi, palibe choposa chimenecho. Anachidula pawiri, nawotcha nsonga zake pamoto kuti zisamasuke. Chidutswa chimodzi chinali chokwerera: chimazungulira thunthu ndi chiuno cha munthu, ndipo ukamakwera umachikankhira m'mwamba pang'onopang'ono, manja onse awiri ali omasuka. Chachiwiri chinali chokhalira, chomangidwa pa thunthu pamwamba pa mutu. Lamulo lawo linali limodzi: usamasule china chinzake chisanamangidwe. Anthu ambiri amene tinamva kuti agwa mumtengo sanagwe atakhala, anagwa podutsa nthambi kapena posintha chingwe.

Mfundo zake anatiphunzitsa za asodzi, zija zimene zimagwira bwato pa mwera koma zimamasuka ndi dzanja limodzi lozizidwa. Tinkadabwa kuona telala, amene tinkamudziwa ndi ulusi ndi sizasi basi, akupota chingwe ngati munthu amene anatsika m'bwato dzulo. Anatichenjezanso kuti nayiloni ili ndi adani ake: dzuwa limaidya, khungwa limaipala, makoswe amaitafuna. Sichigona kumunda. Chimabwerera kunyumba, chimapachikidwa pa msomali m'kati, ndipo usanakwere umachipititsa chonse m'zala zako kufufuza pamene payamba kuchita ubweya.

Chachiwiri chinatuluka pa makina a Singer aja. Kukhala pa phanda usiku wonse kumachititsa dzanzi, ndipo munthu wadzanzi amasunthasuntha, nyama n'kumumva. Bambo anagula chidutswa cha tenti yakale ya lole, nachipinda kawiri, nachisoka mizere yambirimbiri ndi ulusi wa nsapato, nasiya makutu awiri olimba m'mbali mopisa chingwe. Munthu ankakhala m'menemo ngati mwana pa mbereko, nkhope italoza ku thunthu, mapazi ataponda kathabwa kamene tinakasema kuti kakumbatire mtengo n'kukamanga ndi chingwe. Misomali sitinakhomepo. Muwanga umapinda msomali, komanso bambo sankafuna kuti tivulaze mtengo umene ukutisunga. Anzathu anatiseka kwambiri, nati ana a telala avala thewera. Koma mu thewera limenelo munthu amabisala kuseri kwa thunthu, amazungulira mtengo mwakachetechete kutsata kumene kwathyoka phesi, ndipo ngakhale asinze sagwa. Chaka chisanathe atatu mwa otiseka aja anabwera pa khonde ndi matenti awo.

Chaka chatha mdzukulu wathu anationetsa pa foni alenje a ku America amene amasaka agwape akuluakulu a kwawoko atalendewera chimodzimodzi: kansalu ka m'chiuno, chingwe chokwerera, chingwe chokhalira, kopondapo kachitsulo. Amagula ndi madola. Tinaseka mpaka misozi, pokumbukira bambo. Chimodzi chokha ndicho tinawasirira, ngowe yachitsulo yotsekeka imene okwera mapiri amagwiritsa ntchito, chifukwa imapulumutsa nthawi yomanga mfundo. Koma tichenjeze achinyamata: tingowe tonyezimira togulitsidwa pamsika tokolekera makiyi si timeneto, ndipo sitinganyamule ngakhale mbuzi.

Zina zinali zazing'ono. Kachingwe kopyapyala kokwezera uta ndi nthungo utafika kale pamwamba, kuti usakwere ndi chakuthwa m'manja. Zigamba za bulangeti zomanga m'mawondo. Jasi la pa kaunjika la ubweya, osati la pulasitiki, pakuti lapulasitiki limalankhula ukangopuma. Inu a ku Nkhotakota ndi Mangochi simungamvetse chisanu cha kuno m'miyezi ya June ndi July, pamene timalonda kachewere wa kudimba. Mame amalowa mpaka m'mafupa. Ndipo panali kachigubu ka madzi a wudhu, kamene tinkakafunditsa m'jasi kuti kasazizire kwambiri.

Kachigubu kameneka kanali ndi mlandu wake. Nthawi ya Fajir ndi nthawi yomweyo imene gwape amatuluka. Ukatsika kukaswali, gwape wakuona ndipo wapita. Ukadikira gwape, dzuwa likutulukira. Tinafunsa bambo tikuyembekezera kuti apeza kanjira. Anayankha kuti gwape ali ndi m'mawa wambiri, koma Fajir ya lero ndi imodzi. Tinkatsika, tinkayala thumba patsinde pa muwanga, ndipo kangapo tinamva kaphazi kakuthawa tili pa sijida. Sitinganame kuti mtima sunkapweteka.

Apa ndi pamene zida za mlenje wa Chisilamu zimasiyanirana ndi za mnansi wake. Anzathu anali ndi njira zambiri zopezera ndiwo: khwekhwe, diwa, chibonga, legeni, agalu a m'mudzi. Ife zambiri mwa izo sizikanatithandiza. Mu Surat Al-Maida muli mndandanda wa nyama zoletsedwa, ndipo m'menemo muli yofa ndi kupotoledwa, yofa ndi kumenyedwa, ndi yofa ndi kugwa, pokhapokha munthu ataipeza ikadali moyo n'kuizinga. Kalulu wofera m'khwekhwe usiku ndi chibudu. Njiwa yofa ndi mwala wa legeni ndi chibudu. Shehe wa pa mzikiti wathu anatifotokozera nkhani ya swahaba Adi bin Hatim, amene anali mlenje ndipo anafunsa Mtumiki, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, za chida chosakira chokhala ndi nsonga ndi mbali yobuntha. Yankho linali lakuti chimene chalasidwa ndi nsonga chidyedwe, koma chimene chafa ndi kumenyedwa ndi mbali yobunthayo chisadyedwe. Kuyambira tsiku limenelo tinasiya mivi ya mitu yamtengo imene anyamata amaphera mbalame. Tinatenga sipuling'i yothyoka ya galimoto kupita nayo kwa wosula, natisulira mitu yakuthwa konsekonse. Potulutsa muvi tinkatchula dzina la Allah, ndipo m'thumba la jasi simunkasowa mpeni ndi kamwala konolera, chifukwa nyama ukaipeza ikupuma uyenera kuizinga, ndipo mpeni wobuntha ndi nkhanza imene chipembedzo chathu chimakana.

Nguluwe, anyani ndi apusi tinkangopirikitsa. Si chakudya chathu, ndipo kupha chinthu chongotaya sikunatikomere. Nthungo inali yodzitetezera potsika.

Zonsezi n'zosavuta kuzinena nkhokwe ili yodzaza. Mu February 2002 nkhokwe za ku Lobi zinali mbee, monga zinalili m'madera ambiri a dziko lino. Anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndipo chimanga chinkabedwa chisanakhwime, moti tinkalonda anthu kuposa nyama. Bambo anali atatisiya kale. Pakhomo panali mayi athu okalamba, akazi athu ndi ana asanu ndi mmodzi, ndipo wamng'ono kwambiri anali atayamba kutupa mapazi. Madzulo ena dzuwa likulowa, gwape wamphongo anatulukira m'nyemba, pafupi kwambiri. Muvi unamulowa kumbuyo kwa phewa. Analumpha n'kulowa m'tchire, ndipo pamene tinkamasula zingwe ndi kutsika, mdima unali utagwa ndipo mvula inali itayamba. Tinalondola magazi ndi tochi ya mabatire ofooka mpaka mvula inawafufuta.

Tinamupeza m'mawa, muvi wathu udakali m'thupi. Koma anali m'madzi, pa dziwe la kamtsinje ka kumunsi kwa munda, mutu utamira.

Tinaima pamenepo nthawi yaitali osalankhulana, pakuti tonse tinkadziwa mbali yotsala ya nkhani ya Adi bin Hatim. Nyama ikakusowa n'kuipeza mawa lake ilibe bala lina koma la muvi wako, ukhoza kudya. Koma ukaipeza itamira m'madzi usadye, chifukwa sudziwa chimene chaipha, muvi kapena madzi. Mmodzi wa ife anati balalo linali lakupha ndithu, madzi angolandira mtembo. Winayo anati ngati linali lakupha, nanga anayenda bwanji mtunda wonsewo? Tinakangana monong'ona ngati pali wina akutimvera. Pomaliza tinamunyamula, osati kupita naye kunyumba, koma kwa Shehe.

Shehe nayenso anali ataonda, mkanjo ukumukhuthukira. Anayang'ana balalo, natifunsa mafunso ambiri, nanena kuti sangatiuze kuti ndi halali. Kenaka anafunsa za mwana wotupa uja, ndi chimene chinatsala m'nyumba. Anatikumbutsa kuti ayah yomweyo imene imaletsa imatsegulanso khomo kwa munthu amene njala yamufikitsa pa imfa, ndipo anati ife eni ake ndi amene tikudziwa ngati tafika pamenepo, iye sangatiyezere. Tinabwerera ndi gwape wathu ndi katundu wolemera kuposa amene tinapita naye. Mayi ndiwo anadula mlandu. Anati m'nyumba mudakali maungu awiri ndi nsengwa ya gaga, choncho akuluakulu sitinafike; koma mwanayo wafika. Anamuphikira msuzi ndi kachiwindi masiku atatu. Nyama yotsalayo anansi athu anainyamula, ife sitinailawe. Mwana ameneyo lero ndi bambo wa mdzukulu uja wa foni. Ngati tinalakwa pa muyezo umenewo, kumbali iyi kapena inayo, timapemphabe chikhululuko.

Chimene tinasintha pambuyo pake chinali chaching'ono mochititsa manyazi: mfundo yotsikira. Tikanatsika msanga tikanamupeza asanafike kumadzi. Tinapita ku Chipoka mvula itatha, ndipo mwana wa mlamu wa bambo uja anatiphunzitsa kumanga chingwe chachitali chotsetserekera, choti munthu afike pansi asanamalize kuwerenga khumi. Tinasiyanso kuponya muvi dzuwa litapendeka kwambiri.

Masiku ano uta uli pa denga. Agwape anatha m'mapiri athu, ndipo sitingaloze chala anthu ena okha. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera, yadyedwa ndi makala moti mu 2015 boma linatumizako asilikali kukailonda. Lamulo la nyama zakutchire la 1992 linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa nyama zotetezedwa kwambiri chilango chimafika zaka 30 m'ndende. Kusaka popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo Msilamu sayenera kuyeretsa mpeni wake pamene dzanja lake likuba. M'mapanga a Chongoni, m'boma lathu lomweli, muli zojambula zofiira za Akafula, alenje amene anakhala m'mapiri ano Achewa asanafike. Malowa analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Ana asukulu amapita kukaziona, koma ambiri mwa iwo gwape wamoyo sanamuonepo.

Anyani okha ndiwo sanathe. Choncho timakwerabe, kapena tinene kuti ana athu ndiwo amakwera, ife timaima pansi kuyang'ana mfundo zawo. M'malo mwa uta amanyamula chitini, wezulo ndi tochi ya sola yomanga pamphumi. Thewera ndi lachitatu, losokedwa pa makina omwe aja. Muwanga ulipobe chifukwa uli m'munda mwathu, ngakhale owotcha makala atiyesa kawiri ndi ndalama.

Chingwe chokhalira chayamba kuchita ubweya pafupi ndi mfundo. Aliyense wa ku Chipoka amene akubwera kuno Idi isanafike atitengereko mikono 12 ya chingwe cha khoka, chonenepa ngati chala chachikulu, chimene sichinagone padzuwa. Kachewere wobwezera alipo.