Kalata kwa mphwanga: kulira kwa matapeti

Mphwanga,

Uthenga wako ndaulandira, ndipo ndakondwa kuti kabaza akukupatsako kangachepe. Wati njinga ikumveka tiki-tiki pamutu pa injini, ndipo mnyamata wa pagalaja akufuna kumanga matapeti mpaka phokosolo litheretu. Usamulole. Ndikufotokozere kumene injini yakoyo inachokera, uona chifukwa chake.

Injini ya masitiroko anayi anaikonza Nikolaus Otto ku Germany mu 1876. Pisitoni imakwera ndi kutsika kawiri kuti moto uyake kamodzi, choncho kamu, yomwe imatsegula mavalavu, iyenera kuzungulira kamodzi pamene kirankishafuti yazungulira kawiri. Kugwirizana kumeneku ndi komwe amakaniko amati taimingi. Funso lomwe opanga njinga akhala akulimbana nalo ndi lakuti kamuyo ikhale pati: pansi, n'kumakankha mavalavu kudzera m'timitengo tachitsulo, mapushirodi aja, kapena pamwamba penipeni, n'kumakokedwa ndi tcheni.

Honda anayamba ndi yapansi pa Super Cub ya mu 1958, koma m'zaka za m'ma 1960 anakweza kamu pamwamba chifukwa injini yotero imathamanga kwambiri. Ku Japan zinkayenda bwino. Mu 1974 kampaniyo inatuma akatswiri ake awiri kukaona mmene anthu amasamalira njinga ku Thailand, Malaysia, Indonesia, Philippines, Iran ndi Pakistan. Anapeza njinga zonyamula banja lonse ndi katundu, zosefera mpweya zitatsekeka ndi fumbi, oilo atada bii koma osasinthidwa. Mwini njinga ankapita kwa makaniko pokhapokha yaima. Tsono kamu yapamwamba ndi yomwe oilo amaifikira mochedwa, ndipo oilo akakhala wakuda imadyeka msanga pamodzi ndi mutu wa injini.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti akatswiriwo sanabwerere kwawo kukalemba buku lodzudzula anthu. Anasintha injini. Anabweza kamu pansi, pafupi ndi oilo, n'kuilumikiza ku kirankishafuti ndi magiya m'malo mwa tcheni, ndipo kanundu kamodzi kokha ka kamuyo n'komwe kamatsegula mavalavu onse awiri. Imeneyi ndi CG125, yomwe inatuluka mu 1975. Mu 1976 anayamba kuipanga ku Manaus m'dziko la Brazil, ndipo ku Pakistan ikupangidwabe. Mafakitale a ku China anaikopera, moti njinga zambiri zomwe zili pamasiteji a kabaza kwathu kuno, kuphatikizapo yakoyo, ndi zidzukulu zake, ngakhale pathanki palembedwe dzina lina.

Ndiye taimingi pa njinga yako si nkhani yodetsa nkhawa. Magiya sadumpha, bola pomanga injini timadontho ta pamagiya awiriwo tiyang'anizane. Anzako a njinga za Boxer ndi amene ali ndi tcheni, chomwe chimatamuka ndi ukalamba, ndipo dzino limodzi likaphonyedwa njinga imafooka, akaphonyedwa angapo pisitoni imatha kumenya valavu.

Koma kampata ka matapeti ndi nkhani ya tonse. Chitsulo chikatentha chimatalika, n'chifukwa chake pamasiyidwa kampatako. Valavu yotulutsa utsi imakhala m'moto nthawi zonse, ndipo imazizirako makamaka ikatsekeka bwinobwino pampando wake, kutentha n'kudutsira kumutu wa injini. Ukachotsa kampata kaja, valavu imatsala yotsegukako pang'ono: kompuleshoni imathawa, m'mawa umaponda kiki mpaka thukuta, kenako m'mphepete mwa valavuyo mumapsa. Zonsezi zimachitika injini ili phee, mwini wake akutama makaniko kuti ndi katswiri. Kampata kakakulitsa, phokoso limachuluka ndipo mphamvu imachepa, komabe vuto limenelo ndi lotchipa kulikonza poyerekeza ndi valavu yopsa. Injini ya mapushirodi ili ndi zitsulo zambiri zogundana, kotero kulira pang'ono ndi chibadwa chake.

Ukapita kugalaja, injini ikhale itazizira, makamaka itagona usiku wonse. Mnyamatayo azungulize magineto mpaka chilembo T chifike pa kamzere ka pazenera. F ndi ya moto wa pulagi, asaisokoneze. Agwedeze ndi chala maroka onse awiri, tizitsulo tokankha mavalavu. Akakhala olimba, ndiye kuti pisitoni ili pamwamba pa sitiroko yolakwika, azungulizenso kamodzi kathunthu. Pa CG125 ya Honda kampatako ndi mamilimita 0.08 mbali zonse, pafupifupi kunenepa kwa tsitsi limodzi, koma yang'ana m'buku la njinga yako chifukwa okopera ena anasinthako. Muyezo wotere sayesa ndi khutu. Ngati mnyamatayo alibe fila geji, gula yako, ndipo akamanga nati ayezenso, poti sikulu yosinthira kampatako imakonda kutsatira nati.

Oilo usamuchedwetse ponamizira kuti injiniyi ndi yopirira. Upereke moni kwa amayi ndi alamu.

Ndine mkulu wako.